Chitsulo, hydrogen peroxide ndi zoipa zokanika za m'madzi

Chitsulo chosungunuka m'madzi chikakumana ndi hydrogen peroxide pamabadwa tizidutswa taukali zedi, totha kuphwanya utoto wa nsalu, mankhwala a mbewu, zotsalira za mankhwala a kuchipatala ndi zoipa zina zomwe sefa, klorini ngakhalenso mabakiteriya amazilephera. Njira yoyeretsera madzi oipa pogwiritsa ntchito zinthu ziwirizi imadziwika ndi dzina loti Fenton. Siilira makina odabwitsa. Pamangofunika thanki, chotakasira, asidi, laimu ndi munthu wodziwa kuyeza. Komabe ili ndi malamulo ake okhwima, ndipo wowaphonya amataya ndalama n'kutsala ndi madzi oopsa kuposa momwe analili.

Zoipa zomwe mabakiteriya sadya

Zoipa za m'madzi sizifanana, ndipo chilichonse chili ndi kachotsedwe kake. Matope amadikha okha kapena kugwidwa ndi mchenga wa m'sefa. Tizilombo ta kolera ndi taifodi timafa ndi klorini. Gulu lalikulu kuposa onse ndi la zinthu zomangidwa pa kaboni, monga za m'zimbudzi, zotsukira mbale, magazi a kophera ng'ombe, sopo ndi oyilo. Zambiri mwa izi ndi chakudya cha mabakiteriya. N'chifukwa chake malo oyeretsera suweji m'matauni amadalira maiwe kapena milu ya miyala momwe mabakiteriya amaswana n'kumadya nyansizo mpaka madzi atapepuka. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, ndipo m'dziko lofunda ngati Malawi imagwira bwino ntchito ikamasamalidwa.

Vuto limabwera ndi zinthu zomwe anthu anazipanga dala kuti zisawonongeke msanga. Utoto wa chitenje anaupanga kuti usasuluke ndi dzuwa kapena sopo. Mankhwala opopera thonje ndi tomato anawapanga kuti akhalitse patsamba. Maantibayotiki ntchito yawo yeniyeni ndi kupha mabakiteriya, ndipo gawo lina la piritsi lomwe wodwala wamwa limatuluka ndi mkodzo lidakali ndi mphamvu. Mamolekyulu ambiri a mtunduwu ali ndi mphete zolimba za maatomu 6 a kaboni, ena ali ndi klorini kapena naitrojeni womamatira pamphetepo. Zikafika kumaiwe a suweji zimangodutsa osasintha, ndipo zikachuluka zimapha mabakiteriya omwe amayenera kuyeretsa madziwo.

Kuthira klorini wochuluka sikuthetsa vutoli. M'chaka cha 1974 Johannes Rook, katswiri wa za madzi wa ku Rotterdam, anasonyeza kuti klorini akakumana ndi zinthu za kaboni m'madzi amapanga mankhwala ena osafunika, kuphatikizapo chloroform. Izi sizikuchotsa ulemu wa klorini, yemwe wapulumutsa miyoyo yosawerengeka ku matenda otsegula m'mimba. Zikungosonyeza kuti ntchito yake ndi kupha tizilombo, osati kuphwanya utoto kapena mankhwala a thonje.

Mzinda wa Zomba ukuonetsa bwino pomwe pagona nkhaniyi. Madzi ake akumwa amachokera pamwamba pa phiri, m'damu la Mulunguzi, lomwe limasunga makiyubiki mita oposa 3 miliyoni ndipo amaliyendetsa ndi a Southern Region Water Board. Kumtunda kwa damulo kulibe fakitale kapena msika waukulu. Kuli mitengo, udzu ndi timitsinje. Madzi otere amangofunika kuwadikhitsa, kuwasefa ndi kuwathira klorini. Zinthu zimasintha madziwo akatsika n'kudutsa m'nyumba za anthu oposa 105,000 omwe kalembera wa 2018 anapeza mumzindawu, m'zipatala, m'malabotale, m'magalaja, m'masaluni ndi m'misika. Ambiri mwa madzi otayidwawo amathera mu Likangala. Mtsinjewu umayenda makilomita pafupifupi 50, kudutsa m'madimba ndi m'minda ya mpunga, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa.

Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira. Madzi ake amachoka pouma ndi dzuwa, ndipo chilichonse chosawola chimatsalira m'matope. Nyanjayi ndi yosaya, moti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Mu 1996 inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Matemba, makumba ndi milamba zomwe asodzi amakocheza nazo pa Kachulu zimabwereranso m'misika ya mumzinda womwewo. Choncho poizoni wotayidwa m'ngalande kumtunda sapita kutali.

Komwe njirayi inachokera

Henry John Horstman Fenton anali katswiri wa kemisitiri wa ku Cambridge, ku England. Mu 1876, adakali wophunzira, anaona kuti tartaric acid, asidi wopezeka mumphesa ndi m'bwemba, akasakanizidwa ndi hydrogen peroxide ndi kamchere kochepa ka chitsulo (ayironi), kenako n'kuthiridwa soda waukali, pamatuluka mtundu wofiirira mwakuda. Mu 1894 anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake, zosonyeza kuti peroxide payekha ndi waulesi, koma pakakhala ayironi wochepa chabe amalusa. Fenton sankaganiza zoyeretsa madzi, ndipo anamwalira mu 1929 chifukwa chenicheni cha zomwe anaonazo chisanadziwike.

Mu 1934 Fritz Haber ndi Joseph Weiss anafotokoza kuti wogwira ntchito weniweni ndi kachidutswa kotchedwa hydroxyl radical. Akatswiri ena, kuyambira pa William Bray ndi Manuel Gorin mu 1932, ankati ndi ayironi yemwe wafika pa msinkhu wina waukali, ndipo mkanganowo sunatheretu. Zikuoneka kuti zonse ziwiri zimachitika malinga ndi kuwawasa kwa madzi. Ntchito yoyeretsera madzi a m'mafakitale, makamaka okhala ndi mankhwala a phenol, inayamba m'zaka za m'ma 1960. Mu 1987 William Glaze ndi anzake anapatsa banja lonse la njira zodalira hydroxyl radical dzina loti advanced oxidation processes, ndipo ya Fenton ndi imodzi mwa zakale ndi zosavuta m'banjamo.

Zomwe zimachitika m'thanki

Molekyulu ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni, H₂O. Hydrogen peroxide ali ndi okosijeni wina woonjezera, H₂O₂, ndipo mfundo yomanga maatomu awiri a okosijeniwo ndi yosalimba. Anamutulukira ndi Louis Jacques Thénard wa ku France mu 1818. Wa m'mafamase, wotsukira zilonda, amakhala wa 3 kapena 6 peresenti, ndipo amasungidwa m'botolo losaonekera mkati chifukwa kuwala kumamuwononga. Wa m'mafakitale amakhala wa 35 kapena 50 peresenti. Thovu lomwe limatuluka akathiridwa pachilonda ndi mpweya wa okosijeni: m'thupi muli catalase, yemwe amaswa peroxide mofulumira kuti asanduke madzi ndi okosijeni basi. Ayironi amamuswa mwanjira ina, yoopsa kwambiri.

Ayironi wosungunuka ali ndi maonekedwe awiri. Fe²⁺ ndi wobiriwira motuwa ndipo amasungunuka mosavuta. Akataya elekitironi imodzi amasanduka Fe³⁺, wachikasu mofiirira, yemwe ndi mwini dzimbiri. Aliyense amene anatungapo pa mjigo wa madzi achitsulo anaziona izi: madzi amatuluka oyera mbee, koma akakhala m'chidebe kwa maola angapo amafiira ndipo pansi pamagona matope a dzimbiri. Kumeneko wosintha Fe²⁺ ndi mpweya, ndipo amachita pang'onopang'ono. Peroxide amachita m'kuphethira kwa diso:

Fe²⁺ + H₂O₂ → Fe³⁺ + OH⁻ + •OH

Ayironi wapereka elekitironi imodzi, peroxide wasweka pawiri. Theka limodzi, OH⁻, lalandira elekitironiyo ndipo lakhazikika. Theka linalo, •OH, latsala ndi elekitironi yopanda inzake, ndipo limalanda yosowayo kwa chilichonse chomwe lakumana nacho. Mphamvu yolandirayi amaiyeza m'mavoti: ya klorini ndi 1.36, ya peroxide payekha ndi 1.78, ya ozone ndi 2.07, pomwe ya hydroxyl radical imafika 2.8. Kachidutswaka sikakhalitsa, kamatha m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Sikangasungidwe m'botolo kapena kunyamulidwa pa lole. Kayenera kubadwira m'madzi oipa momwemo, pafupi ndi chomwe akufuna kuti kawononge.

Kakapeza molekyulu ya utoto kapena ya phenol, kamazula atomu ya haidrojeni kapena kudziphatika pamphete ya kaboni. Mpheteyo ikavulala, okosijeni wa m'madzi amalowerera, ndipo pakabwera tizidutswa tina mpheteyo imaduka. Zotsatira zake ndi timaasidi tating'ono monga oxalic, formic ndi acetic, yemwe ndi asidi wa mu viniga. Ntchito ikapitirira mpaka kumapeto pamatsala madzi, mpweya wa carbon dioxide ndi timchere.

Ayironi satha ntchito ulendo umodzi. Fe³⁺ akakumana ndi peroxide wina amabwerera kukhala Fe²⁺, n'kuyambanso:

Fe³⁺ + H₂O₂ → Fe²⁺ + HO₂• + H⁺

Kubwereraku n'komwe kumachititsa kuti ayironi wochepa aswe peroxide wambiri. Koma kumachedwa kuwirikiza masauzande poyerekeza ndi gawo loyamba lija. N'chifukwa chake ntchito m'thanki imathamanga kwambiri m'mphindi zoyambirira, kenako n'kumakwawa. Pafupifupi luso lonse lomwe akatswiri aonjezera pa njira ya Fenton m'zaka zapitazi likulimbana ndi kuchedwa kumeneku.

Malamulo ake

Lamulo lalikulu ndi la kuwawasa. Pa sikelo ya pH, yomwe imayambira pa 0 kufika pa 14, madzi abwino akumwa amakhala cha pa 7. Njira ya Fenton imafuna pH ya pafupifupi 3, kuwawasa koyandikira kwa viniga. pH ikakwera kupitirira 4, Fe³⁺ amayamba kuundana n'kugwa pansi ngati matope, ndipo ayironi wogwa pansi sabwereranso pantchito. Peroxide amangosweka kukhala madzi ndi okosijeni popanda phindu. Ikatsika kwambiri kudutsa 2.5 ntchito imachedwanso. Mpata wake ndi wopapatiza, ndipo malo ambiri omwe njirayi inakanika cholakwa chinali pamenepa.

Lamulo lachiwiri ndi la muyeso. Hydroxyl radical ali ngati moto wolusa wa m'chilimwe pa phiri, wosasiyanitsa udzu ndi mbande za paini: amatentha chomwe wapeza. Peroxide akachuluka, tizidutswato timadya peroxide yemweyo. Ayironi akachuluka, timathera pa ayironi. M'madzi mukakhala bicarbonate, chloride kapena phosphate wambiri, mphamvu yambiri imatayikira pa zimenezo. Nthawi zambiri ayironi amakhala gawo limodzi pa magawo 5 mpaka 25 a peroxide polemera, koma muyeso weniweni umapezeka poyesa madzi omwewo m'mabotolo ang'onoang'ono a mulabotale, chifukwa madzi a pa fakitale iliyonse ali ndi khalidwe lawolawo. Kutentha koyenera ndi pakati pa madigiri 20 ndi 40. Kupitirira apo peroxide amawonongeka asanagwire ntchito. Nyengo ya ku Zomba ili m'malire amenewa masiku ambiri a chaka, ngakhale kuti m'mawa wa mu June ndi July, makamaka pamwamba pa phiri, kuzizira kungachedwetse ntchito.

Ntchito yake imayenda motere. Madzi oipa amayamba asefedwa kuti zinyalala ndi mafuta oyandama zichoke, popeza n'kutaya ndalama kuthira peroxide pa zinthu zomwe sefa akanachotsa. Kenako amathira sulphuric acid mpaka pH ifike pa 3. Amasungunula ferrous sulphate, mchere wa timiyala tobiriwira motuwa, womwewo umene uli m'mapiritsi oonjezera magazi omwe amayi oyembekezera amalandira kusikelo. Peroxide amabwera pomaliza, pang'onopang'ono, chotakasira chikuzungulira. Nthawi yomweyo madzi amasintha kukhala achikasu mofiirira, timathovu timakwera, ndipo khoma la thanki limafunda. Madzi okhala ndi phenol amayamba ada bii asanayere. Kudako ndi chizindikiro choti mphete zavulala koma sizinaduke, ndipo zinthu za pakatikatizi, zotchedwa quinone, ndi zapoizoni kuposa phenol yemwe. Wosiyira ntchito pamenepa waipitsa zinthu. Pakapita theka la ola kapena maola angapo, malinga ndi kuipa kwa madzi, amathira laimu kapena caustic soda kuti pH ikwere kufika pa 7 kapena 8. Ayironi yense amaundana m'timibulu tofiirira tomwe timatsika pansi pang'onopang'ono, titakokera limodzi zoipa zina zomwe zinatsalira, ndipo pamwamba pamakhala madzi oyera.

Mtengo wake ungaonekere pa kuwerengera kosavuta. Kuipa kwa madzi amakuyeza ndi COD, kutanthauza kuchuluka kwa okosijeni wofunika kuti zoipa zonse za kaboni zipseretu. Galamu imodzi ya COD imalira magalamu 2.125 a peroxide weniweni. Thanki ya malita 1,000 yokhala ndi COD ya mamiligalamu 2,000 pa lita ili ndi makilogalamu awiri a COD, choncho ikufuna makilogalamu 4.25 a peroxide weniweni, omwe ndi makilogalamu 8.5 a peroxide wa 50 peresenti. Ayironi akakhala gawo limodzi pa 10, pafunika makilogalamu awiri ndi pang'ono a ferrous sulphate, popeza ayironi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mcherewu. Pamwamba pa izi pali asidi, laimu ndi magetsi a chotakasira. Pa thanki imodzi ndalamazi n'zotheka. Pa madzi onse otayidwa a mzinda wathunthu, tsiku ndi tsiku, ndiponso ndi mankhwala oitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, n'zosatheka.

Pachifukwachi odziwa ntchito safuna kuti Fenton amalize yekha zonse. Amamupatsa gawo lovuta lokha, loswa mphete ndi kuchotsa poizoni, ndipo zotsalazo amazisiyira mabakiteriya. Pali nzeru ina pamenepa: timaasidi ta oxalic ndi acetic timavuta kwambiri kwa hydroxyl radical, koma kwa mabakiteriya ndi chakudya chofewa. Chizindikiro choti madzi akonzeka kupita kumaiwe ndi pamene BOD, gawo lomwe mabakiteriya angadye m'masiku asanu, yafika pafupifupi magawo 4 pa magawo 10 a COD. Peroxide wotsalira ayenera kutheratu madziwo asanatumizidwe, apo ayi akapha mabakiteriyawo, ndipo amasokonezanso kayezedwe ka COD.

Chilema chachikulu cha njirayi ndi matope a dzimbiri aja. Amakhala ambiri, amachedwa kuuma, ndipo ngati m'madzimo munali mtovu, chromium kapena zitsulo zina zapoizoni, zimakhala zasonkhana m'matopemo. Hydroxyl radical saphwanya chitsulo. Atomu ya mtovu imakhalabe mtovu. Kuwataya m'mbali mwa mtsinje ndi kubweza poizoni komwe anachokera mvula yoyamba ikangogwa. Palinso mankhwala ena, monga a gulu la PFAS omwe kaboni wake wazingidwa ndi fluorine, omwe njira ya Fenton siiwatha.

Dzuwa, magetsi ndi dothi lofiira

Kuwala kukagwa pa Fe³⁺ wosungunuka m'madzi owawasa kumamubweza msanga kukhala Fe²⁺, ndipo pobwerapo pamabadwanso hydroxyl radical wina. Iyi ndi njira ya photo-Fenton. Imafuna ayironi wochepa, imasiya matope ochepa, ndipo imatha kuphwanya ngakhale oxalic acid womamatira pa ayironi. Ubwino wake wina ndi woti siidalira nyali zodula zokha. Kuwala kwa dzuwa kumakwanira. Ku Plataforma Solar de Almería, m'chipululu cha Tabernas ku Spain, akhala akuyesa njirayi kwa zaka zambiri pa madzi okhala ndi mankhwala a mbewu ndi a kuchipatala. Madziwo amayenda m'mapaipi a galasi ogonekedwa pa malata onyezimira omwe amaunjikira kuwala pa paipi. Kwa dziko lokhala ndi dzuwa lochuluka kuyambira August mpaka November, mtundu uwu wa Fenton ndi womwe ukuyenera kuyang'anidwa mwachidwi, ngakhale kuti chifunga ndi chiperoni za m'nyengo yozizira ku Zomba zingamadule masiku ena.

Njira ya electro-Fenton imagwiritsa ntchito magetsi kupanga peroxide m'thanki momwemo kuchokera ku okosijeni wa mumpweya, kwinaku ikubweza Fe³⁺ kukhala Fe²⁺. Imachotsa vuto lonyamula ndi kusunga peroxide waukali, koma imafuna magetsi osadukaduka.

Ena amasiya ayironi wosungunuka n'kugwiritsa ntchito wolimba, monga goethite, hematite, magnetite kapena zidutswa za zitsulo. Goethite ndi hematite ndi zomwe zimafiiritsa dothi la katondo ndi miyala ya lubwe yomwe imathiridwa m'misewu. Ofufuza m'maiko angapo otentha anayesa dothi lotereli ndipo anapeza kuti limaswadi peroxide, lingagwiritsidwe ntchito mobwereza, ndipo silisiya matope ambiri. Kuipa kwake n'koti limachedwa kuposa ayironi wosungunuka, ndipo mphamvu yake imasiyana malinga ndi komwe lakumbidwa. Ili ndi funso lomwe labotale ya kemisitiri ya pa yunivesite ingalifufuze ndi zipangizo wamba, ndipo Zomba ili ndi University of Malawi komanso likulu la Geological Survey mumzinda womwewo.

Chilengedwe chinayamba kale

Fenton asanabadwe, bowa anali akugwiritsa kale ntchito ayironi ndi peroxide. M'nkhalango za mitengo ya paini, monga zomwe zinabzalidwa pa phiri la Zomba, chitsa chowola nthawi zina chimasanduka chofiirira mwakuda, n'kung'ambika m'timabokosi tating'ono tomwe timafumbutuka munthu akatifinya ndi zala. Ameneyo ndi bowa wa gulu la brown rot. Timabowo ta m'thabwa ndi tating'ono kwambiri moti ma enzyme a bowayo sangalowemo, choncho amatumiza oxalic acid kukatola ayironi, amapanga peroxide, ndipo hydroxyl radical amabadwira mkati mwa thabwalo n'kudula ulusi woyera wa cellulose. Chotsala ndi lignin wofiirira uja. Ndi bowa yemweyu amene amadya mapaso ndi mafelemu a paini m'nyumba zodontha.

M'thupi la munthu zomwezi zikachitika ndi ngozi, chifukwa hydroxyl radical amawononga maselo. Thupi limadziteteza pomangirira ayironi m'mapuloteni monga ferritin ndi transferrin, komanso poswa peroxide msanga ndi catalase. Mankhwala a malungo a LA, omwe Malawi inayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amatembenuzira ngozi yomweyi pa kachilombo. Artemether wa m'mapiritsiwo ali ndi maatomu awiri a okosijeni omangana monga a mu peroxide. Kachilombo ka malungo kamadya hemoglobin m'maselo ofiira a magazi n'kumasula ayironi. Ayironiyo amaswa mfundo ya okosijeni ija, ndipo tizidutswa taukali tomwe timabadwa timapha kachilomboko. Tu Youyou wa ku China, yemwe anatulukira artemisinin, gwero la artemether, analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Malo ake oyenera

Njira ya Fenton si ya madzi akumwa a pakhomo. Munthu asayerekeze kuthira peroxide ndi mapiritsi a ayironi m'ndowa ya madzi. Kuwiritsa ndi kuthira WaterGuard ndiye njira zotsimikizika pamenepo. Si ya madzi a m'damu la Mulunguzi, omwe chitetezo chawo chenicheni ndi mitengo ya pa phiri. Si yothira mumtsinje, chifukwa pH ya 3 ingaphe nsomba ndi achule zoipazo zisanaphwanyike. Ndipo m'nyanja ya Chilwa singagwire n'komwe, popeza madzi ake ndi amchere ndiponso odzala ndi carbonate, zomwe zimameza asidi ndi hydroxyl radical yemwe.

Malo ake ndi pomwe madzi oipa akadali ochepa koma aukali, asanasakanikirane ndi ena. Zotsalira za mulabotale ya sukulu kapena ya chipatala, madzi otsukira masipuleya ndi zigubu za mankhwala a mbewu pa esiteti, madzi a utoto a onyika nsalu, madzi akuda otsika pa mtaya wa zinyalala m'nyengo ya mvula: zonsezi ndi malita mazana kapena masauzande ochepa, omwe angasonkhanitsidwe m'thanki imodzi. Lita imodzi ya poizoni ikalowa m'malita miliyoni a suweji, poizoniyo sanathe, wangobisala, ndipo kumuchotsa kumadula kuwirikiza kambirimbiri. Mzinda ngati Zomba, womwe ulibe mafakitale aakulu koma uli ndi zipatala, masukulu aukachenjede ndi malo a kafukufuku ambiri, zoipa zake zokanika ndi za mtundu womwewu: zochepa, zaukali, ndiponso zodziwika komwe zikuchokera. Ku Blantyre, komwe mitsinje ngati Mudi imadutsa pakati pa mafakitale, matanki ake angafunike aakulu, koma mfundo ndi yomweyo.

Malamulo a dziko akuloza komweko. Lamulo la za madzi la 2013, lomwe linakhazikitsa National Water Resources Authority, limafuna chilolezo munthu asanatayire madzi oipa mumtsinje kapena m'nyanja. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa Malawi Environment Protection Authority, ndipo limati woipitsa ndi amene ayenera kulipira zokonza. Malire a zomwe zingaloledwe m'madzi otayidwa amaikidwa ndi Malawi Bureau of Standards, pomwe mankhwala a mbewu amayang'aniridwa ndi Pesticides Control Board. Mwini labotale kapena fakitale ali ndi udindo woyeretsa madzi ake asanatuluke pa mpanda wake.

Wogwira ntchitoyi ayenera kuphunzitsidwa. Peroxide wa 35 kapena 50 peresenti amawotcha khungu mpaka kuyera, amachititsa khungu akagwera m'maso, ndipo akatayikira pa nsalu, pa utuchi kapena pa makatoni angayatse moto. Amasungidwa pamthunzi, m'zigubu zake za pulasitiki zokhala ndi potulukira mpweya, kutali ndi mafuta, thinasi ndi zitsulo zadzimbiri. Kachidutswa ka dzimbiri kogwera m'chigubu chotsekedwa kangachiphulitse. Asidi amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Peroxide akathiridwa yense nthawi imodzi m'madzi oipa kwambiri, thanki imatentha, imachita thovu n'kusefukira. Magalasi oteteza maso, magolovesi, madzi osambira pafupi ndi mita ya pH yoyezedwa bwino ziyenera kukhalapo ntchito isanayambe, ndipo madzi oyeretsedwawo asatsegulidwe kupita kumtsinje mpaka labotale itatsimikiza kuti pH yabwerera pa 7, peroxide watha, ndipo poizoni watsikadi.